Lafumbwa, labooka, lawola: mawu a dzino ndi zimene amatibisira

Atsibweni anga a ku Nsaru sanali munthu wodandaula. Chaka china anagwa pangolo n'kuthyoka nthiti, koma m'mawa mwake tinawapeza m'chigafa akusoka fodya. Tsiku limene ndinawaona atagonja ndi limene dzino linawagwira. Anali khale pakhonde, atamanga mpango kuchokera kuchibwano kukafika pamutu, tsaya litatupa ngati abisamo dzira, phala la m'mawa litazizirira m'mbale. Nditawafunsa kuti kwagwanji, anangoloza tsayalo n'kunena liwu limodzi: “Lafumbwa.”

Liwu limeneli mlimi aliyense wa chimanga amalimva msanga. Chimanga chikafumbwa, njere kunja imaoneka yabwinobwino, koma ukaifinya imangophwanyika, m'kati muli ufa wokhawokha. Dzino nalo limatero, ndipo amene anayamba kunena kuti dzino lafumbwa anali ndi maso. Komabe liwu lomweli lili ndi bodza lake, ndipo bodzalo lazulitsa mano ambiri kuyambira ku Mpingu mpaka ku Nambuma. Mawu amene munthu wanyamula popita kuchipatala nthawi zambiri ndiwo amagamula ngati abwerako ndi dzino kapena ndi gweru.

## Nankafumbwe wa m'kamwa kulibe

M'nkhokwe wolakwa timamuona ndi maso. Ndiye munthu akamva dzino likubaya amaganiza kuti namonso muli kachilombo kamene kakutafuna, ena amati kanyongolotsi, ndipo kakatembenuka ndi pamene ululu umakafika mpaka kukhutu. Tisadziseke, si ife tokha. Ku Mesopotamia, kumene lero kuli Iraq, nkhani ya nyongolotsi ya m'dzino anailemba pamapale adothi zaka zoposa 2,500 zapitazo. Azungu anaikhulupirira kwa nthawi yaitali, mpaka Pierre Fauchard wa ku France anaitsutsa m'buku lake la 1728. Ku Malaysia, olankhula Chimalay (sindikunena malaya ovala ayi) ali nalo dzina lake mpaka lero, *ulat gigi*, kutanthauza mbozi ya m'dzino. M'maiko ambiri kunapezekanso akatswiri ozitulutsa: amaotcha njere zina pamakala, wodwala n'kuyasamula pa utsiwo, kenaka m'mbale ya madzi mumaoneka tinthu toyera topindikapindika. Tinthuto ndi timitima ta njere zimene zaphulika ndi moto. Dzino limatsala mmene linalili.

Chimene chimaboola dzino ndi asidi. M'mawa musanatsuke m'kamwa, palani ndi chikhadabo pamene dzino lakumana ndi nkhama. Zoyera zoterera zimene zituluke si nsima yadzulo ayi. Ndi mudzi wa tizilombo ta bakiteriya, tosaoneka ndi maso, timene timamatirira padzino ngati ndere pamwala, ndipo kotchuka mwa ito ndi ka Streptococcus mutans. Tizilomboti tilibe mano otafunira. Timadya shuga amene wadutsa m'kamwa n'kutulutsa asidi, asidiyo n'kumasungunula dzino pang'onopang'ono. Izi anazifotokoza mu 1890 Willoughby Miller, dokotala wa mano wa ku America yemwe ankagwira ntchito ku Berlin.

Mtetezi wa dzino ndi malovu, omwe timawanyoza aja. Munthu akadya chotsekemera, asidi amachuluka pakangopita mphindi zochepa, ndipo malovu amafunika theka la ola kapena ola lathunthu kuti amuthe mphamvu n'kubwezera padzino zimene zinasungunuka. Zili ngati khoma la zidina m'dzinja: mvula ikukokolola, mwini nyumba akumata. Ikamagwa n'kukata, khomalo limapirira. Ikakhala ya mvumbi, limagumuka. Usiku malovu amachepa, choncho chotsekemera cha pogona ndi mvumbi wogwa mwini nyumba ali m'tulo.

Kusiyana kwa nankafumbwe ndi asidi si kwamasewera. Wokhulupirira nankafumbwe amafuna chomuphera, ndipo amathira m'bowo chilichonse choluma. Wodziwa za asidi amayang'ana m'kapu yake ya tiyi.

## Khungwa, thabwa ndi mtima

Dzino linamangidwa ngati mtengo. Kunja kuli khungwa loyera, limene achipatala amati enamelo. M'thupi lonse mulibe cholimba kuposa ilo, ngakhale fupa silifikapo, koma lilibe mitsempha, ndiye likamatha silikuuza. Pansi pake pali dentini, yachikasu, yofewerapo, yokhala ndi timipata tosaoneka topita m'kati. Pakati penipeni pali mtima wa dzino, momwe muli mitsempha ya magazi ndi yomvera ululu.

Chichewa chili ndi mawu okwanira a dzino loonongeka, koma vuto lake onse amayamba mochedwa. Matendawa amayamba ndi kabanga koyera ngati choko, kawirikawiri m'mphepete mwa nkhama kapena m'timigula ta pamwamba pa dzino lotafunira. Kabangako sikawawa, ndipo dzina lake sitinakapatse. Chonsecho apa ndi pokhapo pamene dzino lingachire lokha popanda chitsulo cha dokotala: kuchepetsa shuga, kutsuka ndi mankhwala okhala ndi fuloraidi, malovu n'kumaliza ntchito. Kuchokera pakabangaka kufika pabowo pamatha miyezi, nthawi zambiri zaka.

Likabooka ndi pamene timayamba kulitchula. Khungwa lagumuka, asidi wafika m'dentini, ndipo m'menemo amayenda mwachangu ndiponso m'mbali. N'chifukwa chake kabowo kangati ka singano kangathe kubisa phanga. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mudzamva munthu akuti, “Chimanga chokazinga chandithyola dzino.” Chimangacho changomalizitsa. Denga linali litatsala lopanda mizati. Bowo silitsekeka lokha, koma dzino lobooka likhoza kumatidwa n'kugwira ntchito zaka zambiri.

Tikamati lawola, nthawi zambiri tizilombo tafika pamtima. Mtsempha umatupa m'kachipinda kopanda potulukira, ndipo ndiwo ululu umene umaliza amuna aakulu. Kenaka mtsemphawo umafa, mafinya amasonkhana kunsonga ya muzu, pankhama pamatuluka kachithupsa, kapena tsaya lonse limatupa. Pomaliza mutu wa dzino umagumuka n'kutsala chitsa. Liwu la madokotala, *caries*, n'lachilatini, ndipo tanthauzo lake ndi lomweli, kuwola. Nawonso anatchula matendawa ndi mathero ake.

## “Likuwawa” sikukwanira

Ndinakhalapo pabenchi pachipatala china, chitseko chili chosatseka bwino, ndikumva zimene zinkachitika m'kati.

“Amayi, dzinoli likuwawa bwanji?”

“Likuwawa basi, adokotala.”

“Mukamwa madzi ozizira?”

“Eee, limachita kuti tsee! Koma limasiya msanga.”

“Nanga usiku limakudzutsani?”

“Ayi, usiku ndimagona bwinobwino.”

Mayankho awiri omalizawo ndiwo anali ndi nkhani. Kumidzi kwathu makina ojambulira mano sapezeka wamba, choncho wachipatala amadalira kagalasi, kachitsulo kogogodera ndi mawu a wodwala. Ndipo mawuwo tili nawo, timangowasiya kunyumba.

Dzino limene limanyerenyetsa kapena kuti tsee ukamwa chozizira kapena chotsekemera, n'kusiya pomwepo, nthawi zambiri mtima wake udakali wamoyo ndipo likhoza kupulumuka. Limene ululu wake umatsalira nthawi yaitali ukamwa tiyi wotentha, limene limayamba lokha osaliputa, logunda ngati mbalule, lodzutsa munthu pakati pa usiku, limenelo mtsempha wagwidwa. Wina amati, “Ndikaluma limakhala ngati latalika kuposa anzake.” Musawaseke mawu amenewo: kunsi kwa muzu kwatupa ndipo dzino lakankhidwadi pang'ono. Nenaninso ngati ululu ukuthamangira kukhutu kapena kumutu, ngati m'kamwa mukutuluka zowawa kapena zonunkha, ndiponso tsiku limene zinayamba.

Mawu oopsa kuposa onse ndi akuti “linasiya lokha.” Dzino lomwe linavuta sabata yathunthu kenaka n'kungoti zii silinachire. Kawirikawiri ndi mtsempha umene wafa, ndipo tizilombo tikupitirira kunsi mwakachetechete. Apa mpamene mankhwala a kwa neba amatengera ulemu wosawayenera.

## Lofiira si lowola, logwedera si lofumbwa

Pali mano ena amene amaoneka oipa koma sanabooke. M'madera ena madzi a m'mijigo ndi m'zitsime amakhala ndi fuloraidi wochuluka wochokera m'miyala, ndipo mwana amene wakula akumwa madziwo mano ake amatuluka ndi mizere yoyera kapena mawanga ofiira ngati dzimbiri. M'boma lomwe lino la Lilongwe, dera la Nathenje limadziwika ndi vutoli, ndipo kafukufuku wa madzi a kumeneko anasindikizidwa mu 2007. Bungwe la WHO limati fuloraidi m'madzi akumwa asapitirire mamiligalamu 1.5 pa lita. Mtunduwo umalowa dzino likadali kupangidwa m'nkhama, mwana asanafike zaka 8 kapena apo, ndiye kulikwecha ndi mchenga kapena phulusa n'kungolipala pachabe. Fuloraidi ali ngati mchere m'ndiwo: wochepa amakonza, wochuluka amaononga.

Chiseyeye nachonso ndi nkhani ina. Nkhama, zimene ena amati usinini, zikamatuluka magazi potsuka, wolakwa ndi zoterera zomwe zija, koma apa zikuputa nyama ndi fupa logwira dzino. Dzino limatha kugwedera n'kugweruka lilibe ngakhale kabowo. Ambiri akaona magazi amasiya kutsuka pamalopo, pomwe mpamene pakufunika kutsuka bwino. Osuta fodya ndi odwala matenda a shuga chimawavuta kwambiri.

## Mvumbi wa shuga

Shuga wa m'paketi si wakale kwathu kuno. Ku Nchalo anayamba kumupanga m'zaka za m'ma 1960, ku Dwangwa kumapeto kwa m'ma 1970. Agogo ambiri amoyo lero anakula ndi phala la nsinjiro, shuga akumuona pa Khirisimasi. Tsopano imani pa Msundwe kapena pa Kabudula tsiku la msika muwerenge zimene mwana angagule ndi tchenje: suwiti wapakamtengo, chingamu, mabisiketi, mafilizesi ofiira ndi achikasu m'timapepala. Nyengo yogulitsa fodya ikafika, bambo wabwino amadziwika ndi botolo la Sobo ndi buledi pakaliyala.

Mu 2015 WHO inalangiza kuti shuga wothira asafike gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu zimene munthu amapeza m'chakudya patsiku, ndipo ndi bwino koposa akakhala theka la pamenepo, pafupifupi magalamu 25, kapena kuti masupuni aang'ono 6. Botolo limodzi la chakumwa chozizira la mamililita 300 limakhala ndi masupuni 7 kapena 8. Atsibweni anga m'kapu imodzi ya tiyi ankathira anayi, odzaza mpaka kutuluka nsonga.

Koma kwa dzino funso lalikulu ndi lakuti kangati. Mwana amene wadya masuwiti asanu nthawi imodzi atangotha nsima waononga pang'ono poyerekeza ndi amene wamunga masuwiti omwewo mmodzimmodzi kuyambira m'mawa mpaka poweruka. N'chimodzimodzi ndi chigubu cha thobwa lothira shuga chimene timamwa pang'onopang'ono tsiku lonse kumunda. Nzimbe nayo musaikhululukire chifukwa choti ndi yakudimba. Madzi ake ndi shuga yemweyo, asanapite kufakitale. Chodabwitsa n'chakuti dera limene limalima mtedza wochuluka chonchi limaugulitsa kwa mavenda n'kugulira ana mabisiketi, pamene mtedza tizilombo tija sitipezamo kanthu kwenikweni.

## “Adzagweruka okha”

Mawu amenewa aononga m'kamwa mwa ana ambiri. Mano oyamba alipo 20. Amayamba kumera mwana ali ndi miyezi pafupifupi 6, amakwana akamafika zaka zitatu, ndipo amayamba kugweruka pa zaka 6, tikumawaponya padenga. Koma ena akumbuyo amakhala mpaka zaka 11 kapena 12. Akawola, mwana amamva ululu ngati wamkulu, sadya, sagona, amajomba kusukulu, ndipo akachoka nthawi isanakwane, olowa m'malo amamera mopanikizana. WHO inati mu 2022 ana oposa 500 miliyoni padziko lapansi anali ndi mano oyamba owola.

Pali msampha wina umene makolo ambiri saudziwa. Mwana akafika zaka 6, kumbuyo kwenikweni kumamera dzino lalikulu lotafunira, popanda lina kugweruka kuti lilipatse malo. Poti palibe chimene chaponyedwa padenga, makolo amaliyesa laubwana, likabooka n'kulisiya. Chonsecho limenelo ndi limodzi mwa mano 32 a moyo wonse, ndipo ndi limene limawola kawirikawiri. Mwana akayamba Sitandade 1, muyasamulitseni padzuwa muone kumbuyoko. Wakhanda nayenso asagone ndi botolo la tiyi wa shuga kapena Sobo kukamwa. Mano akutsogolo akumwamba amathera pomwepo.

## Kuzula ndi kumata

Munthu akafika pachipatala sati wabwera kudzaonetsa dzino. Amati, “Ndabwera kudzachotsa dzino.” Mlandu wagamulidwa kale kunyumba, dokotala angokhala wopereka chilango.

Kafukufuku wa mano wa dziko lonse, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2016 motsogozedwa ndi Kelias Msyamboza, anayeza anthu 5,400. Mwa anthu 100 alionse, 37 anali ndi dzino lowola ndipo 35 anali ndi gweru, koma amene anali ndi dzino lomatidwa sanafike 7. Mwa akuluakulu a zaka 35 mpaka 44, pafupifupi theka anali ndi dzino lowola.

Sichingakhale chilungamo kuloza chala wodwala yekha. Wa m'mudzi wa kuseri kwa Nambuma, kufupi ndi malire a Dowa, amawerengera ya kabaza, ya minibasi ndi tsiku la ganyu limene lataika. Chipatala cha boma ndi chaulere koma kukafika si kwaulere, ndipo cha mishoni, ngati St Gabriel's ku Namitete, chimalipiritsa. Munthu wotero amafuna zithere ulendo umodzi, ndipo kuzula kumatheradi ulendo umodzi. Ogwira ntchito nawonso ndi ochepa. Amene timangowatcha adokotala a mano m'zipatala zambiri ndi ma dental therapist ophunzitsidwa ku Malawi College of Health Sciences ku Lilongwe, ndipo ndiwo asenza katundu yense kwa zaka zambiri. Maphunziro a digiri ya udokotala wa mano anangoyamba mu 2019 ku College of Medicine, yomwe lero ili m'gulu la Kamuzu University of Health Sciences, mothandizana ndi University of Glasgow ya ku Scotland kudzera mu MalDent Project. Nthawi imeneyo madokotala a mano m'dziko muno sankafika 50, pa anthu oposa 17 miliyoni, ndipo onse anaphunzirira kunja. Ndondomeko ya boma yoyamba ya umoyo wa m'kamwa inakhazikitsidwa mu 2022.

Komabe kumata sikufuna nthawi zonse mpando wamagetsi. Ku Tanzania, m'zaka za m'ma 1980, dokotala wa ku Netherlands dzina lake Jo Frencken anayambitsa njira yokokota zowola ndi tizitsulo tapamanja n'kutseka bowo ndi phala lolimba lotchedwa glass ionomer, limene limagwira padzino n'kumatulutsa fuloraidi pang'onopang'ono. Njirayi, imene imadziwika kuti ART, anaikonzera malo onga athuwa. Mu 2021 WHO inaika glass ionomer pamndandanda wa mankhwala ofunika kupezeka paliponse, pamodzi ndi mankhwala otsukira mano a fuloraidi ndi ena opaka padzino oimitsa kuwola. Si chipatala chilichonse chili nazo, koma funso lakuti “Kodi silingamatidwe?” silimalipiritsa. Ngakhale dzino lomwe mtsempha wagwidwa limatheka kulisunga pochotsa mtsemphawo n'kutseka muzu, kungoti zimenezo zimafuna maulendo angapo kutauni ndi thumba lolemerako.

Likafika pozulidwa, lizulidwe ndithu, ndipo mantha awiri otchuka aja achoke. Kuzula dzino lakumwamba sikupha diso. Mayi woyembekezera akhoza kuthandizidwa, bola auze adokotala za pakatipo. Mafinya ndiwo oopsa kwa iye, osati jakisoni wa dzanzi. Pitani mutadya, mutatenga kabuku ka kuchipatala, ndipo nenani ngati muli ndi BP, shuga, kapena mankhwala amene mumamwa tsiku ndi tsiku. Akazula, lumani thonje theka la ola. Tsiku limenelo musachukuche, musalavulelavule, musasute, chifukwa magazi oundana pabalapo ndiwo chivundikiro chake. Kuchukucha ndi madzi ofunda amchere kuyambe mawa lake.

## Mswachi unabwera ndi amalonda

Liwu lakuti mswachi layenda ulendo wautali. Aarabu kamtengo kotsukira mano amati *siwak* kapena *miswak*, Aswahili anati *mswaki*, ife tinalilandira n'kulikonza. Liwu lomwelo linaoloka nyanja ya Indian ndi Chisilamu mpaka kwa olankhula Chimalay a ku Malaysia, Brunei ndi Singapore, omwe amati *siwak* kapena *kayu sugi*. Wophunzira chilankhulo chawo sangavutike pankhani ya mano, chifukwa amaganiza ngati ife. Dzino ndi *gigi*, nkhama ndi *gusi*, kuwawa kwa dzino ndi *sakit gigi*. Dzino lobooka amati *gigi berlubang*, ndendende dzino lokhala ndi bowo, ndipo lowola ndi *gigi reput*. Kuzula ndi *cabut*, potchula mumati chabut, liwu lomwenso amazulira udzu. Kumata ndi *tampal*, lomwenso amamatira chubu cha njinga. Kunyerenyetsa kuja amati *ngilu*, mafinya *nanah*, shuga *gula*. Limene limandikomera ndi la dzino lomera pomaliza munthu atakula, *geraham bongsu*. *Bongsu* ndi mwana womaliza kubadwa. Ife tikanati dzino lamzime.

Mankhwala otsukira amati *ubat gigi*, pamene ife onse tinawabatiza dzina la kampani imodzi, kolugeti. Kaya ndi a kampani iti, chofunika n'chimodzi: pachubu palembedwe kuti muli fuloraidi, pakati pa 1,000 ndi 1,500 ppm. Fuloraidiyo amalowa m'khungwa la dzino n'kulilimbitsa kuti asidi asalisungunule msanga. Tsukani kawiri patsiku, ndipo kwa pogona kusaphonyeke. Mwana wosafika zaka zitatu amangofunika kadontho ngati kambewu ka mpunga, wokulirapo ngati nsawawa yaing'ono. Mukatha, lavulani thovu koma musachukuche ndi madzi. Ambiri apa amandiyang'ana ngati ndapenga. Koma kuchukucha kuli ngati kuthira feteleza kenaka n'kumukokolola ndi ndowa.

Kamtengo kotafuna kunsonga, ka gwafa kapena nimu, kamachotsa zoterera bwino ndithu mukakafikitsa mbali zonse, ndipo palibe choletsa kuikapo mankhwala a m'chubu. Makala, phulusa ndi mchenga zimayeretsa pochita kupala, ndipo khungwa la dzino likatha silimeranso.

## Zimene timathira m'bowo

Atsibweni aja, ndisanafike anali atayesa zitatu. Anayamba ndi fodya wamphuno. Kenaka anaphwanya asipulini n'kumuika pankhama, ndipo pamalopo panali patayera ngati papsa ndi moto. Asipulini ndi asidi, amaotcha nyama, ndipo amagwira ntchito akamezedwa basi. Chachitatu anali makapusozi awiri ogula pagolosale, amene sachiritsa dzino pokhapokha chochititsa chitachotsedwa, koma amangophunzitsa tizilombo kupirira mankhwala. Mnzawo wina anali atalonjeza kubwera madzulo ndi madzi a m'batire. Amenewo, pamodzi ndi petulo ndi mafuta a mabuleki, amaotcha lilime ndi tsaya, ndipo ndi poizoni. Panado kapena bufeni womwa molingana ndi malangizo, ndi madzi ofunda amchere, ndizo zokhazo zoyenera kukuperekezani mpaka m'mawa.

Pali nthawi imene ngakhale m'mawa musaudikire. Kutupa kukatsikira kunsi kwa chibwano kapena kukwera kufika kudiso, munthu akamalephera kuyasamula, kumeza kapena kupuma bwino, thupi likatentha, pamenepo nkhani yachoka padzino. Mafinya a dzino lakunsi amatha kutsekereza kholingo, ndipo anthu amafa nawo. Wotero anyamulidwe usiku womwewo. Akuchipatala chapafupi akaona kuti zawakulira amatumiza kuchipatala chachikulu cha Kamuzu Central.

Ife tinanyamuka tambala woyamba, iwo pakaliyala, ine ndikupalasa. Dzinolo linali litapitirira pomatidwa. Atalizula, atsibweni anapempha kuti alione, thonje lili kukamwa. Wachipatala anawapatsa pakapepala. Linali ndi kabowo kakang'ono pambali, koma m'kati munali phanga lakuda loti nyemba n'kukhalamo. Anatulutsa kamtengo ka machesi m'thumba la jekete n'kuyamba kutokosa mwachifatse, akulitembenuza uku ndi uku pawindo.

“Mukufuna chiyani, bambo?”

Anapukusa mutu, n'kulikulunga m'kapepala kaja, n'kuliika m'thumba. Titatuluka panja anandikoka dzanja, akulankhula ndi tsaya limodzi. “Kathawa ndi jakisoni uja.”